Kuyenda maiko oyandikana nawo pang'onopang'ono pa galimoto yogonamo, kuchokera ku Blantyre

Ambiri amene amanyamuka mu Blantyre ndi galimoto yogonamo, ija ena amaitcha motorhome, sagwa m'mavuto chifukwa cha injini. Amabwezedwa pa chipata cha Mwanza pepala limodzi litasowa, kapena batire limawathera usiku wachiwiri ndiwo zonse n'kuwolera m'filiji. Ena amafika ku Harare atatheratu chifukwa makilomita pafupifupi 600 awameza tsiku limodzi ngati basi ya ku Joni. Ulendo wa mtundu uwu ndi wogona malo amodzi masiku atatu kapena sabata yathunthu, kugula ndiwo pamsika wa pomwepo, kenako n'kusendera patsogolo pang'ono. Zimenezi zimatheka mapepala akakhala ndi masiku okwanira, galimoto ikakhala yosalemedwa, ndiponso magetsi akamayaka injini ili chizimire.

Zofunika kukhala nazo

Mapepala:
- pasipoti ya aliyense, yotsala ndi miyezi yosachepera 6 komanso masamba opanda zidindo
- laisensi yogwirizana ndi kulemera kwa galimotoyo
- bulubuku, COF ndi inshulansi ya kuno kwathu
- Yellow Card ya COMESA, inshulansi ya galimoto yogwira ntchito m'maiko ena akunja
- kalata ya apolisi yotsimikiza kuti galimotoyo si yakuba
- kalata ya mwini wake kapena ya banki ngati bulubuku ilibe dzina lanu
- zikalata za kubadwa za ana onse osakwana zaka 18
- mafotokope atatu a pepala lililonse

Za galimoto: matayala apadera awiri ngati malo alipo, jeke yolimba ndi thabwa loikira pansi pake, wilusipanala, pampu ya matayala ndi geji yake, fanibeluti, mafilita a dizilo ndi oyilo, malita 5 a oyilo, mafyuzi, chingwe chokokera, mathirayango awiri, chozimitsira moto, majekete awiri onyezimira, timapepala tonyezimira toyera kutsogolo ndi tofiira kumbuyo, ndi chomata cha MW.

Za m'nyumbamo: batire lachiwiri la 100Ah (Ah ndi muyeso wa magetsi amene batire limasunga) kapena kuposa, sola ya 200W ndi chowongolera chake, filiji ya 12V ya malita 40 mpaka 50, zigubu zinayi za malita 20, botolo la gasi ndi chitofu, chimbudzi chonyamula, neti, ndi bokosi la mankhwala.

1. Yambani ndi kulemera, bedi lidzabwera pambuyo

Kaya ndi Toyota HiAce, Nissan Caravan kapena Coaster, pali kachitsulo kokhomedwa pafupi ndi chitseko kapena pa injini kolembedwa GVM. Nambala imeneyo ndiye malire a kulemera kwa galimoto pamodzi ndi anthu, madzi, mafuta ndi katundu yense. Laisensi ya B imalekezera pa 3,500 kg. Coaster imapitirira pamenepo, choncho imafuna C1.

Tiyerekeze kuti GVM ndi 3,200 kg, ndipo mutamanga bedi ndi makabati galimoto ikulemera 2,500 kg. Mwatsala ndi 700 kg. Anthu awiri ndi 150, madzi a zigubu zinayi ndi 80 poti lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, dizilo wodzaza thanki ndi cha m'ma 60, batire 30, tayala lachiwiri 25, filiji yodzaza 35, gasi ndi ziwiya 40, zitsulo zokonzera 40. Zakwana kale 460 musanaikemo thumba la ufa ngakhale chovala chimodzi.

Apa ndi pamene akalipentala athu amatipweteka mwachikondi. Mukawasiyira okha amanga ndi mlombwa kapena matabwa ochindikala kuti zikhale zolimba, galimoto n'kukhala pansi isanatuluke n'komwe mu Ndirande. Auzeni agwiritse ntchito pulayiwudi ya 12 mm pa makabati ndi 15 mm pa bedi. Chilichonse chimangidwe ndi mabawuti odutsa pansi pa galimoto okhala ndi mawashala akuluakulu, osati misomali. Zolemera monga madzi ndi batire zikhale pansi, pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Padenga pakhale sola ndi zinthu zopepuka basi.

Chenjezo: mukachotsa mipando ya minibasi, pitani ku Road Traffic akasinthe zolembedwa kuti zigwirizane ndi mmene galimoto ikuonekera. Bulubuku yonena kuti ndi ya anthu 15 pamene mkatimo muli bedi imautsa mafunso pa chipata chilichonse, ndipo ena amakulipiritsani ngati galimoto ya bizinesi.

Mukamaliza, dzazani zonse ngati mukunyamuka, mupite pa sikelo mukaone nambala yeniyeni.

2. Magetsi: werengani kaye, mugule pambuyo

Batire lolizira injini lisagwire ntchito ya m'nyumba. Pakati pa mabatire awiriwo pakhale chida chowalekanitsa injini ikazima, isolator kapena chaja ya DC-DC. Popanda chimenechi filiji imayamwa onse awiri, m'mawa n'kuyamba kufuna anthu okankha.

Kuwerenga kwake nkosavuta. M'nyengo yotentha filiji imadya cha m'ma 35Ah patsiku, fani ya usiku 10, magetsi a LED 5, mafoni 5. Zonse pamodzi ndi 55Ah. Batire wamba la 100Ah limangopereka theka, 50Ah, chifukwa mukamalitsitsa kupitirira pamenepo silikhalitsa. Sola ya 200W pa tsiku la dzuwa labwino imabweza cha m'ma 55Ah. Mwaona kuti zangokwanira ndendende. Kukachita mitambo masiku awiri, muli m'mavuto. Amene akufuna kukhala malo amodzi sabata yathunthu aike mabatire awiri a 100Ah, kapena limodzi la lithium limene limalola kutsika kwambiri osawonongeka.

Waya wolumikiza mabatire akhale wa 16 mm², ndipo fyuzi ikhale pafupi ndi batire lililonse, osapitirira 30 cm. Waya wopanda fyuzi akakhuzika pa chitsulo amayatsa moto. Ikaninso kachida koonetsa mphamvu ya batire: kakamaonetsa 12.1V zonse zili chizimire, batire wamba lafika theka, lekani kulikama.

Pali kachinthu kena kamene anthu amakaiwala. Mthunzi umene mukufuna inu ndi womwe sola sikuufuna. Gulaninso sola yonyamula yokhala ndi waya wa mamita 10, galimoto izikhala pansi pa mtengo sola ili padzuwa. Pa magetsi a pakampu, pulagi yathu ya mano atatu amakona imalowa ku Zambia ndi malo ambiri ku Zimbabwe, koma ku South Africa ndi ya mano atatu ozungulira aakulu, ndipo ku Mozambique mupeza ya mano awiri. Tengani zosinthira zonse.

3. Gasi, madzi ndi chimbudzi

Botolo la gasi liime chilili, lomangidwa ndi lamba, m'kabati yokhala ndi bowo pansi lotulukira kunja, chifukwa gasi ndi wolemera kuposa mpweya ndipo akatayika amatsikira pansi. Pakani thovu la sopo polumikizira paliponse. Pakatuluka timabaluni ndiye kuti pakudontha. Tsekani botolo mukamayenda komanso pogona. Milomo ya mabotolo imasiyana m'maiko, choncho nyamukani lili lodzaza.

Mbaula isalowe m'galimoto, ngakhale kuzizire chotani ku mapiri a Nyanga ku Zimbabwe mwezi wa Juni. Mpweya wa makala sununkha, umangogonetsa munthu osadzukanso.

Madzi: malita 15 mpaka 20 pa munthu patsiku akukwanira kumwa, kuphika ndi kusamba mopepuka. Zigubu zinayi zimaposa thanki imodzi yaikulu, poti chigubu mutha kupita nacho pa mjigo, ndipo chimodzi chikabooka zitatu zatsala. Chigubu cha madzi akumwa chikhale ndi chizindikiro chake. Thirani WaterGuard motsatira zolembedwa pa botolo, apo ayi wiritsani. Chimbudzi chonyamula chikhuthulidwe m'chimbudzi cha pakampu basi, osati m'tchire kapena pafupi ndi mtsinje umene anthu amatungako.

4. Konzani mapepala kutatsala mwezi

Yellow Card imagulidwa ku kampani ya inshulansi kuno komwe. Imagwira ntchito ku Zambia, Zimbabwe ndi Tanzania, ndipo muonetsetse kuti dziko lililonse limene mukupitako lalembedwapo, ndi masiku opitirira amene mukuganiza kuti mukhala. Mozambique ndi Botswana sali mu COMESA. Ku Mozambique inshulansi mugula pa chipata, ndipo ku Botswana mulipira pa chipata msonkho wa msewu pamodzi ndi wa thumba la ngozi.

Kalata ya apolisi, imene ambiri amaitcha ya Interpol, imafuna kuti apolisi aone galimoto ndi maso. Musanapite, pukutani pamene pali nambala ya injini ndi ya chesisi, muziyerekeze ndi za mu bulubuku chilembo ndi chilembo. Galimoto zambiri zakale zinasinthidwa injini koma mapepala sanasinthidwe. Zimenezi mukazitulukira ku Nyamapanda, chipata cholowera ku Zimbabwe, ulendo wathera pomwepo.

Ndalama zakunja ndi nkhani imene aliyense mu Blantyre akuidziwa. Pitani ku banki kwanu msanga ndi pasipoti, mufunse zimene akufuna ndi malire a ndalama zimene kadi yanu ingatulutse kunja. Sungani malisiti ogulira ndalamazo chifukwa angafunsidwe potuluka. Madola akhale oyera, osang'ambika, ambiri akhale a 1, 5, 10 ndi 20. Pa chipata chenji chimasowa nthawi zonse. Zigaweni malo atatu m'galimoto.

5. Yesani galimoto kuno kwathu

Musadumphe gawo ili. Dzazani zonse, mutsike zitunda za Chikwawa mukagone ku Majete masiku awiri osaliza injini. Potsika mudziwa ngati mabuleki akupirira katunduyo, kuchigwako kutentha kuyesa filiji ndi batire, ndipo pokwera pobwerera muona ngati injini ikutentha. Potsika gwiritsani giya yachiwiri, injini izigwira galimoto. Mukamangopondereza buleki mpaka pansi, imatentha n'kuleka kugwira.

Pa ulendo womwewu yezani mafuta: dzazani thanki, lembani makilomita, dzazaninso pobwera, mugawe. Nambala imeneyo ndiyo muziwerengera ndalama, osati imene anakuuzani wogulitsa galimoto. Onaninso zaka za matayala. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi, monga 2321, kutanthauza sabata ya 23 chaka cha 2021. Tayala lopitirira zaka zisanu ndi chimodzi lisapite ku Tete ngakhale mano ake akuoneka atsopano, chifukwa phula lotentha ndi katundu wolemera zimaliphulitsa.

6. Sankhani njira ndi nyengo

Nthawi yabwino ndi Meyi mpaka Seputembala. Okutobala ndi Novembala ku Tete ndi kuchigwa cha Luangwa kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo m'galimoto simugoneka. M'dzinja misewu yafumbi yopita ku makampu ambiri imakhala matope okhaokha.

Kwa oyamba kumene, njira ya Zambia ndiyo yofewa. Kuchoka ku Blantyre kukafika ku Lilongwe ndi makilomita opitirira pang'ono 300, kudutsa mageti olipira a Chingeni ndi Kalinyeke. Gonani kumeneko, m'mawa mukadutse pa Mchinji, pamene kuyambira 2022 maofesi a maiko awiriwa amagwirira ntchito malo amodzi. Tauni ya Chipata ku Zambia ili pafupi, Chinyanja chake mumva chonse, ndipo Mfuwe, khomo la nkhalango ya nyama ya South Luangwa, ili makilomita cha m'ma 130 kuchokera pamenepo. Ofuna kupitirira atsate msewu wa Great East wa makilomita pafupifupi 570 kukafika ku Lusaka, koma augawe masiku atatu, kenako Livingstone, n'kuwolokera ku Botswana pa mlatho wa Kazungula umene unatsegulidwa mu 2021.

Njira ya Zalewa, Mwanza, Zobue, Tete mpaka Nyamapanda ndi yaifupi popita ku Zimbabwe, koma ili ndi zipata ziwiri ndi mathiraki ochuluka. Musaidutse tsiku limodzi. Gonani ku Tete m'mbali mwa Zambezi, chipata chachiwiri mukachione m'mawa. Kumpoto kwenikweni kwa Mozambique, ku Cabo Delgado, kwakhala nkhondo kuyambira 2017, musayerekeze.

Lamulo la tsiku loyenda: kupatula tsiku lochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe, makilomita asapitirire 250, ndipo 3 koloko masana ikupezeni mwafika. Mukatero muli ndi maola owala okonzera tayala likaphulika, komanso nthawi yosamuka malowo akapanda kukusangalatsani. Usiku musayende. Ng'ombe, njinga zopanda nyali, mathiraki ofera pamsewu oikidwa masamba m'malo mwa thirayango, ndi njovu kufupi ndi Kasane ku Botswana, zonsezi mumaziona mutafika kale. Pa malo alionse amene simukungodutsapo gonani masiku awiri kapena kuposa. Mafuta ndiwo amadya ndalama zambiri pa ulendowu, ndipo tsiku limene galimoto yaima silidya dontho.

7. Pa chipata

Fikani m'mawa kwambiri mabasi asanafike. Ndondomeko yake imakhala motere, ngakhale mawindo amasiyana malo ndi malo.

Mbali ya kwathu: dinditsani mapasipoti ku Immigration, kenako pitani kwa a MRA mukatenge chilolezo chotulutsa galimoto kwakanthawi. Pepala limeneli lisungeni bwino, lidzafunika pobwera. Ngati muli ndi laputopu, kamera kapena filiji yatsopano, zilembetseni potuluka kuti pobwerera asadzati mwazigula kunja.

Mbali inayo: Immigration poyamba, kenako a kasitomu akupatseni chilolezo cholowetsa galimoto kwakanthawi, chimene ambiri amangoti TIP. Zikatero lipirani misonkho. Ku Zambia kuli wa utsi, wa msewu ndi wa khonsolo. Ku Zimbabwe kuli wa utsi ndi wa msewu, ndipo TIP yawo mutha kuiyamba pa intaneti ya ZIMRA, bungwe lawo la misonkho, musananyamuke. Chilichonse chimene mwalipira chikhale ndi lisiti, ndipo malisitiwo muwasunge m'fayilo imodzi chifukwa apolisi a m'njira amawafunsa.

Musachoke pa windo musanawerenge zinthu zitatu: masiku amene adinda mu pasipoti, tsiku lothera TIP, ndi nambala ya galimoto ndi ya chesisi pa TIP. Amalawi sitifuna viza ku Zambia, Zimbabwe, Mozambique, Botswana ndi South Africa, koma masiku amene mwapatsidwa ndi amene alembedwa pa chidindo. Wofunsa akati mukhala masiku angati, musanene ochepa pofuna kuoneka aulemu. Mukanena 7 akhoza kulemba 7. Pemphani onse amene amalola, amene nthawi zambiri ndi 30.

Apa ndiye pamene woyenda pang'onopang'ono amakodwa. Masiku a munthu ndi masiku a galimoto ndi mapepala awiri osiyana, ndipo amaonjezedwa ku maofesi awiri osiyana: a munthu ku Immigration, a galimoto kwa a kasitomu. Lembani masiku onsewo, pamodzi ndi la inshulansi, pa pepala mumate pa dashibodi. Kukatsala sabata pitani mukaonjezere kapena yambani kulowera ku chipata. Ku South Africa wopitirira masiku amaletsedwa kulowanso kwa chaka kapena kuposa. Potuluka, bwezani TIP ndipo muonetsetse kuti aitseka. Ikapanda kutsekedwa, m'makompyuta mwawo galimoto yanu imaoneka ngati munaigulitsa m'dzikomo.

Za madobadoba: ntchito yonseyi mutha kuigwira nokha. Ngati mwasankha kuti wina akulondolereni mawindo, gwirizanani mtengo poyamba, koma pasipoti, bulubuku ndi ndalama zisachoke m'manja mwanu. Osintha ndalama a panja pa mpanda amawerenga mofulumira dala.

Polowa ku Botswana nyama yaiwisi siloledwa chifukwa cha matenda a ng'ombe a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, ndipo mudzapondetsa nsapato zonse m'mankhwala. Idyani nyamayo musanafike, musadzaze filiji ku Livingstone.

8. Pamsewu ndi pogona

Maiko onsewa amayendera kumanzere ngati ife, pamenepo palibe chachilendo. Ku Mozambique liwiro m'midzi ndi m'matauni ndi 60, ndipo apolisi amaima ndi makina pomwe chikwangwani chayambira. Akakuimitsani, perekani moni, “bom dia”, onetsani mapepala, ndipo ngati mwalakwadi pemphani “recibo”, ndiye lisiti. Cha ku Zobue ndi Moatize ambiri amamva Chichewa.

Gonani pa kampu, pa loji yolola kuimika galimoto, kapena pa mishoni mutapempha. Mdima ukakupezani kumudzi, chitani mwa chikhalidwe chathu: funsani kwa amfumu, mudzifotokoze, akulozereni poima. Imikani galimoto yoyang'ana kotulukira, makiyi akhale malo amodzi odziwika. Pansi pakakhala popendekeka ikani matabwa pansi pa matayala, mutu ukhale kumtunda.

Ku Mfuwe njovu ndi mvuu zimadutsa pakati pa kampu usiku. Zipatso, makamaka malalanje ndi mango, zisagone m'galimoto. Funsani eni kampu kosungira. Anyani amatsegula chitseko chosakhoma ndipo sachedwa.

Gulani simukadi ya dzikolo ndi pasipoti: Airtel kapena MTN ku Zambia, Vodacom kapena Movitel ku Mozambique, Econet ku Zimbabwe. Mapu akopereni mu foni mukadali pa intaneti. Pulogalamu ya iOverlander imaonetsa makampu ndi potunga madzi, koma onani tsiku limene munthu womaliza analembapo. Thanki ikafika theka, thirani pamalo oyamba odalirika.

Malungo musawapeputse poti ndinu a kuno. Neti ipachikidwe usiku uliwonse, mawindo akhale ndi sefa, ndipo thupi likatentha kayezetseni tsiku lomwelo. Omwa mankhwala a BP, shuga kapena ma ARV atenge okwanira ulendo wonse ndi masabata awiri apamwamba, m'mabotolo ake, pamodzi ndi buku la kuchipatala.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kutenga TIP m'dzina la munthu amene abwerere msanga pa basi. Amene walembedwa ndiye ayenera kutuluka ndi galimotoyo.

Kuiwala kuti COF ndi inshulansi ya kwathu zikutha muli kunja. Apolisi a kumeneko amawerenga zomata za pagalasi, ndipo pobwera rodibuloko ya Zalewa ikudikirani. Zikonzeni musananyamuke ngakhale zisanathe.

Kupopa matayala mofanana ndi galimoto yopanda katundu. Tsatirani nambala ya katundu wodzaza yolembedwa pa chitseko, ndipo yezani m'mawa matayala asanatenthe. Mukayeza masana nambala imakwera, mukaphwetsako mwalakwitsa.

Kunyamula ufa, mpunga ndi nyemba za miyezi iwiri. Ndi katundu wolemera, pa chipata amadzetsa mafunso, ndipo ufa ku Chipata ndi ku Harare uliko. Za sabata imodzi zakwana.

Kuthira zakudya zotentha m'filiji kapena kuitsekera m'kabati yopanda mpweya. Imangolira osapuma, batire n'kutha pakati pa usiku. Siyani mpata wa 10 cm kumene imapumira.

Kuiwala kuti galimoto yatalika. Yezani kuchokera pansi mpaka pamwamba pa sola, mulembe nambalayo pamene woyendetsa akuiona. Nthambi za pakampu ndi madenga a pamalo oimika galimoto m'matauni ndizo zimaswa masola ambiri.

Kunyamuka osazungulira galimoto. M'mawa uliwonse woyenda onani oyilo ndi madzi injini ikadali yozizira, gasi watsekedwa, makabati akhomedwa, waya wa magetsi wazulidwa, sola yalowa, matabwa achotsedwa pansi pa matayala, ndipo suzumirani pansi ngati pali chimene chadontha usiku.